Bedi la a Makaiko

A Makaiko analowa m'chipinda choyezera odwala atakoleka mkono m'khosi mwa akazi awo, akubuula ngati ng'ombe yoti yaona mpeni. Kuchokera kumunsi kwa Domasi anabwera ali phee pakaliyala, a Rhoda akukankha njinga m'matope. Mayiwo anawatula pabenchi, iwo n'kukhala pansi chotsamira khoma, mtolo wa poto, mbale ndi chitenje uli pamiyendo. Ankapumira m'mwamba. Nanga munthu woti wakankha thumba ngati limeneli angapume bwanji?

Unali Januwale wa 1996, nthawi yowokera mpunga, ndipo matenda a bambowa ankaidziwa kalendala. Chaka chatha unali msana. Chaka chinacho unali mutu waching'alang'ala. Maulendo onsewo nesi Eluby ankawabweza ndi asipulini, mawa lake n'kupezeka ali m'munda, madzi olekeza m'mawondo. Chaka chino anali atalumbira kuti akapeza bedi, agone chagada mpaka mbande yomaliza italowa m'matope. N'chifukwa chake sanabwere ndi matenda otola m'njira. Awa anali atawaloweza ngati katekisimu.

"Chaka chino ndi chiyani, bambo?" anafunsa nesi, akumwetulira.

"Chizungulire, sisitala. Ndikangoweramuka, dziko lonse bii. Mtima ukugunda ngati ng'oma ya beni. Kuyenda pang'ono, befu. M'makutu muli njuchi. Likamalowa dzuwa mapazi atupa."

Kumwetulira kuja kunatha. Nesi anawatembenuza chikope, mkati muli psuu ngati nyama ya mbuzi pamsika wa Songani. Anawayang'ana zikhatho ndi zikhadabo, n'kuwadina ndi chala kuyambira pamwamba pa phazi mpaka pakakolo. Kenako anawakwinyira malaya n'kuwasisita mkono.

"Koma mtsempha muli nawo wabwino," anatero. "Pali china?"

A Makaiko anatulutsa chomaliza, chimene anachisungira pansi pa thumba.

"Dothi, sisitala. Ndikumalakalaka dothi lapachulu. Likumakoma ngati shuga."

Nesi anacheukira kukhoma. Anadzuka n'kupita kwa mayi aja kukatenga kadi ya amuna awo. A Rhoda anayamba apukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje asanaipereke. Nesi analandira kadiyo koma dzanja sanalitaye msanga.

"Pepani mayi, mwavutika nawo. Taimani, muli ndi kachitsotso m'diso." Anawagwira kumaso pang'ono n'kuwasiya. "Zayamba liti zimenezi?"

"Mwezi wathawu," a Makaiko anayankha mwachangu, kuopa kuti mayi angaononge mlandu.

A Rhoda anangogwedeza mutu.

"Awa ndi magazi," anatero nesi. "Atsala ochepa kwambiri. Pano sitingathe, apa m'pofunika ku Zomba, lero lomwe." Anapita pakona pomwe panali wailesi yoitanira ambulansi n'kuyamba kulankhula Chingerezi chothamanga.

Ku Zomba! A Makaiko anachita kuluma mlomo kuti mano asaoneke. Iwo ankapempha nkhuku, apa apatsidwa mbuzi. Ku chipatala chachikulu munthu sagona masiku awiri. Ankadziona kale ali pamatiresi, phala likubwera lokha, abale akulowa ndi nthochi ndi Fanta, mpingo ukuwaimbira nyimbo. Nesi yemwe uja ankati sapusitsika, lero wameza mbedza ndi chingwe chomwe. Pothokoza anabuula kawiri, kachiwiriko mokweza.

Kenako anakumbuka za kumunda.

"Amake Yoswa," anatero ndi mawu a munthu wotsanzika dziko, "mukakandisiya kumeneko musakachedwe. Mbande zija zisakalambire panazale."

"Ndamva, abambo," anayankha a Rhoda, maso ali otseka.

Ambulansi inafika dzuwa lisanafike paliwombo. Dalaivala analowa akukankha machira, nesi n'kuyalapo bulangete. A Makaiko anadzuka pang'onopang'ono, dzanja lina pamtima, lina pakhoma, monga amachitira odwala enieni. Atangokweza mwendo kuti akwere, anamva nesi atawagwira malaya kumbuyo.

"Tsitsani mwendowo, bambo. Matenda mwawafotokoza kuposa buku, koma mwachita kuwabera. Mwini wake ndi uyu mumamumva akudandaula kunyumba, amene wakukankhani panjingayu."

Nesi ndi dalaivala ananyamula a Rhoda n'kuwagoneka pamachira. Kenako nesi anatola mtolo wa poto uja n'kuwasenzetsa a Makaiko.

"Inu mukupita ngati owadikirira. Mukaphika, mukachapa, ndipo mumtsempha wabwino uja akachotsamo botolo la magazi. Mpunga musaudere nkhawa, ukudikirani."