Nyanja ya ku Debeni Pamsika wa Ntcheu

Ine Redson ndagulitsa matayala kuyambira ku Joni mpaka ku Daresalamu, ndipo chimene ndalonjeza ndimachita. Chinatsala chimodzi: kukawaonetsa mayi nyanja ya ku Debeni, imene malemu bambo ankaisimba. Ulendo wa basi sakanauthanso, ndipo maso awo anali atayamba kuchita chifunga.

Ndinawakweza kabaza mpaka pamsika, pansi pa mlongoti wa intaneti yaulere. Ndinaimbira mnzanga Chrispin wa ku Debeni pavidiyo, iye naloza foni yake kumafunde.

Mayi anavula patapata, nakweza chitenje mpaka m'mawondo.

"Akuwabweza ndani madziwa, mwanawe?"

"Amabwerera okha, mayi."

Anaima pafumbipo, akudzidzimuka funde likamabwera, mpaka batire linatha.

"Wandifikitsa," anatero.

Ngongole ya zaka makumi awiri ndinaibweza ndi mphindi zisanu ndi zinayi.