Ulusi Wofiira

Dokotala wa maso anatsegula tsamba lachisanu la kabuku kake. "Nanga apa mukuona nambala yanji?"

Ndinangoona timadontho tokhatokha. Ndinatsinzina, n'kuphenyanso. Chaka chonse ku yunivesite ndinali nditakhoza mayeso a injini, a mapiko ndi a nyengo. Kunangotsala chikalata cha dokotalayu kuti ndiyambe kuulutsa ndege yeniyeni.

"Musafulumire, achimwene," anatero, koma cholembera anali atachiika kale pansi.

Nditatuluka ndinapeza amayi pabenchi, atafumbata shati yoyera imene anandisokera okha, ya timalamba ta m'mapewa ngati ya oyendetsa ndege. Zaka makumi awiri ali pa makina osokera, iyi yokha ndi imene anaisita kawiri.

"Akuti sindisiyanitsa chofiira ndi chobiriwira," ndinatero.

Sanadzidzimuke. Anangoyang'ana pansi, chala chikusisita kolala.

"Uli wamng'ono, ndikakutuma ulusi wofiira unkabwera ndi wobiriwira. Ndinkangolandira, ukatuluka n'kusintha."

"Ndiye munkadziwa, amayi?"

"Ndinkati kumwambako kulibe ulusi, mwanawe."

Ndinafuna kuwauza za magetsi a pabwalo la ndege, kuti chofiira ndi chobiriwira n'zimene zimauza munthu kuti atere kapena asatere. Koma ndinangoyang'ana shatiyo.

Anaimirira n'kuyeza shatiyo pamsana panga, monga amachitira ndi makasitomala awo.

"Koma m'mapewamu ndinalondola," anatero. "Tangovala kamodzi ndikuone."