Makilomita Atatu Okha

Choko chinathyoka m'manja mwa aphunzitsi a Mbewe atangomaliza kulemba funso pa bolodi. Sanalitenge m'buku, manambala anangobwera okha: njinga ikuyenda makilomita 12 pa ola, chipatala chili pa mtunda wa makilomita 30. Idzatenga nthawi yaitali bwanji?

"Maola awiri ndi theka!" anafuula Leticia, mtsikana wa pa benchi yakutsogolo.

"Wakhoza," anatero a Mbewe chapansipansi.

Umenewo ndiwo unali mtunda wochoka kwawo ku Kasenengwa kukafika ku chipatala cha ku Chipata. Mwezi wathawu anaupalasa dzuwa likuswa mtengo, mkazi wawo Zelipa akubuula pa kaliyala, atawagwira zolimba m'chiuno. Patatha maola awiri, manja aja anamasuka, Zelipa n'kutsirizika ali m'njira.

Leticia anakwezanso mkono. "Aphunzitsi, nanga munthu atafuna kufika pa maola awiri okha, apalase bwanji?"

Ana onse anaweramira m'makope n'kuyamba kugawa. A Mbewe sanacheukire n'komwe pa bolodi.

"Makilomita 15 pa ola," anayankha, maso ali pa zenera. "Kungowonjezera atatu, mwanangu. Atatu okha."