Mpando Wapita kwa Paxton

Abwana sanamuuze Triza kuti akhale pansi. Maso awo anali pa kanema wamkulu wa pakhoma, pomwe timadontho tofiira tinkayenda pang'onopang'ono pa mapu a Lilongwe. Kadontho kalikonse kanali munthu, wogulitsa masola a magetsi a dzuwa wa kampani yawo, foni yake ili m'thumba. Kamodzi kanali kataima pafupi ndi msika wa ku Old Town.

"Ameneyo ndi Jobu," anatero abwana. "Chiimireni m'mawa sanasunthe. Mukudziwa?"

"Akudikira mwini sitolo ya hadiweya. Ndinamulola ndine."

"Mumalola zambiri, a Triza."

Chichokereni mkulu wa zamalonda wakale, Triza ndiye ankagwirizira mpandowo. Gulu analipeza litafooka, amuna okhaokha, aliyense akungoganiza zopeza ntchito kwina. Choyamba anathetsa msonkhano wa m'mawa uliwonse. Sanaone nzeru yoti munthu achoke ku Kawale, akwere maminibasi awiri kudzafika ku City Centre, angoitanidwa dzina, kenako abwerere komwe wachokera kukasaka makasitomala. Anasiyanso kuwaimbira foni pakati pa malonda. Pasanapite nthawi katundu anayamba kutha m'nyumba yosungira. Ku Area 11, magetsi akazima, nyumba zowala zinali zambiri, ndipo padenga pake panali masola awo.

Koma abwana sanakondwe. Anamuitana m'chipinda chomwechi n'kumuuza kuti ndi wofewa, kuti amuna sagwira ntchito popanda womuopa. Triza anamva. Anasiya kudya chipisi ndi anyamata a gulu lake pa nkhomaliro. Anasiya kuseka nthabwala zawo. Anameta tsitsi, nagula majekete akuda ndi mathalauza. Mawu anawatsitsa mpaka iye mwini sankawazindikira. Anyamatawo anayamba kumutchula kuti Sajeni akatembenuka, koma malonda sanatsike.

"Ndakuitanani za mpando uja," anatero abwana, akuzunguza makiyi a galimoto pa tebulo. "Ndaupereka kwa Paxton."

Paxton analowa ntchito chaka chatha, atangochoka kusukulu ya kunja. Anali wamtali, wa mawu aakulu, wodziwa kugwira anthu chanza. Chimene anagulitsa yekha chibwerereni Triza sankachikumbukira. Masana ambiri ankawathera m'malo odyera ozizira bwino, ndipo palibe ankamufunsa.

Triza anadikira kuti mtima umupweteke. Anadikira mkwiyo, kapena misozi. Sikunabwere kanthu. Thupi lonse linali ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali, woti ukautsina sumva. Ankangomva kulira kwa makina oziziritsa chipinda. Pawindo ankaona mlonda pansi akulondolera galimoto yobwerera chambuyo, dzanja likukupiza mwaulesi.

"Malonda akwera ndili ine," anatero pomaliza. Mawuwo anatuluka osalala, ngati akuwerenga za munthu wina.

"Akwera, sindikukana. Ndiye muzigulitsabe. Kugulitsa ndi kwina, kulamula ndi kwina."

"Munati ndine wofewa. Ndinasintha."

"Mwasinthitsa. Makasitomala ena akudandaula kuti mumalankhula ngati msilikali. Munthu akamagula kwa mkazi amafuna aone mkazi." Abwana anatsamira kumbuyo, mpando wachikopa n'kulira. "Gulu la amuna limafuna mwamuna patsogolo. Akuluakulu a m'mabanki ndi m'maofesi a boma amafuna munthu woti akhale naye pansi madzulo, anthu osalankhula. Komanso mawa lino mukwatiwa, kubwere mimba, kubwere sikelo ya mwana. Kampani iime? Dzikoli sindinalenge ine. Ndangokhalamo nthawi yaitali kuposa inu."

Triza anagwedeza mutu. Sankadziwa ngati akuvomera kapena khosi langotopa. Anaganiza za Jobu ali chiimire padzuwa ku Old Town, osadziwa kuti kuyambira mawa aziyamba wadzaonekera kuno. Anaganiza za tsitsi lake lomwe linasesedwa pansi ku saluni. Zonsezo zinkaoneka zakutali, ngati zinachitikira mnzake wa kusukulu amene anaiwala dzina lake.

"Mumupatse manambala a makasitomala anu onse," anapitiriza abwana. "Akuluakuluwo mupite naye mukamuonetse. Mumuphunzitse bwinobwino, asakachite manyazi. Msonkhano wa m'mawa ubwerere. Ndipo mawa polengeza muime pambali pake, anyamata aone kuti palibe chidani."

"Ndamva, bwana."

"Pali funso?"

"Palibe."

Kunja kwa chitseko anthu anali atayamba kukoka mipando ndi kutseka makabati. Nthawi yoweruka inali itakwana. Triza anatembenuka, nayenda pa kapeti wofewa amene sankamveka mapazi. Atagwira chitseko anamva abwana akuusa moyo, mpando n'kuliranso.

"Triza, mwana wanga." Mawu anali atasintha, tsopano anali a kunyumba. "Lamlungu ubwere ku Area 14 molawirira, udzandithandize kuphika. Tikumuchitira kaphwando mlongo wako Paxton."

"Ndibwera, amayi," anatero Triza, natseka chitseko mosachita phokoso.