Bimu ya ba Mwiinga

Vivian, injiniya wa zomanga, anakwera makwerero n'kuyeza bimu, mtanda waukulu wachitsulo wa kudenga kwa holo yatsopano, pa loji ina ku Nakatindi. Kunenepa kwake inakwana masentimita makumi anayi ndendende, monga anawerengera kuti chitsulo ndi konkire ya pamwamba pake zithandizane kunyamula zipinda zam'mwamba.

"Mwaona, ba injiniya? Ni yonenepa bwino," anatero ba Mwiinga, eni lojiyo, ataima pakhomo.

Vivian anagogoda bimuyo ndi chala, ndipo inalira ngati ng'oma. Atakanganula pakona, anapeza kuti ndi matabwa opaka penti yotuwa. M'kati munali kachitsulo koonda, kosafika ndi theka lomwe.

Anatsonya. "Masabata atatu nakhala nikuwerengera, imwe mwangoveka kachitsulo jekete? Muno muzikhala anthu!"

"Chitsulo chachikulu chija kunali kuononga ndalama chabe. Aka ni kolimba, nalumbira. Sainani pepala lovomereza."

"Ngati ni kolimba, bwerani munigwirire makwerero nitsike."

Ba Mwiinga anayang'ana kudenga, kenako anayang'ana nsapato zawo. Phazi silinadutse pakhomo.

"Bornwell!" anakuwira mlonda. "Bwera ugwirire ba injiniya."