Injiniya ndi Chimbale cha Malemu

"Khm-khm! Patukani, patukani, zamagetsi si za ana izi!" Ndiye kayankhulidwe kake kameneko. Kuyenda kwake, mimba patsogolo, miyendo tang'a ngati wakwera njinga yosaoneka, makiyi m'chiuno ngwe ngwe ngwe, chonsecho chitseko ali nacho chimodzi. Panalitu munthu wina wotere, ndipo amene ananditumizira nkhaniyi akulumbira kuti inachitikadi. Anthu ankamutcha Injiniya, ngakhale chimene anakonzapo pa moyo wake ndi tochi, nayonso anangosintha mabatire.

Injiniya anali ndi mng'ono wake amene anapita kunja kukagwira ntchito. Kumeneko anamutenga kuti aoneke mufilimu ngati dalaivala wa basi. Amayankhula mawu ochepa, n'kuseka, basi. Filimu itangotuluka, mnyamatayo anadwala n'kumwalira, anamuika konko. Mayi ake sanaone ngakhale bokosi.

Mayiwo maso anali akupita ndi matenda a shuga. Adokotala anali atanena kale kuti kukada sikudzachanso. Ndiye mkazi wa malemu anatumiza katoni mwachangu. M'katimo munali chimbale cha filimu ija, cha bulurei, zija zoonetsa mpaka thukuta la pamphuno, pamodzi ndi makina ake oonetsera, atsopano. Anamuimbiranso foni Injiniya.

"Alamu, chonde, chimbalechi chisasiyane ndi makina ake. Opanga mafilimu anagawa dziko lapansi patatu, A, B ndi C. Chimbale cha kuno, makina a kwanuko amachikana."

"Khm-khm! Alamu, ine magetsi ndinayamba kuwagwira inu mukuyamwa. Chimbale ndi chimbale, bola chizizungulira."

Katoni inafikira kwa Injiniya. Atatsegula, makina akuda bii, opyapyala, onunkhira kunja. Mtima dyokodyoko. "Mayi saona bwino, adziwa bwanji?" Anatenga makina ake akale, n'kuwapukuta ndi sokosi, n'kuwaika m'katoni muja. Atsopano aja anawabisa kuchipinda.

Kwa mayi kunadzaza. Aneba m'mawindo, ana pansi. Mayi anavala zovala zawo zakutchalitchi ngati akulandira mlendo, mpando anawakokera pafupi mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda TV. Injiniya anaika chimbale, chala chakanise m'mwamba ngati dokotala wa opaleshoni. Makina aja zwiii, zwiii, kho! Pa TV panangotuluka malemba oyera okana chimbale.

"Ndi iyeyo?" anafunsa mayi. "Wavala zoyera mwana wanga?"



"Fumbi la m'ndege ili!" anatero Injiniya. Chimbale anachiuzira mpweya haaa, n'kuchipukutira pamimba. Chinakana. Mawa lake anabwera ndi mankhwala otsukira mano. Chinakana. Mkuja anachikwecha ndi phulusa ngati poto, makina n'kuwamenya khofi. Chinakanabe.

Kunyumba kwakenso zinali zomwezo. Makina atsopano aja ankalavula zimbale zake zonse. M'malo moti mutu ugwire, bambo wanu anakalipa. "Alamu atumiza chakufa!" Anawasinthanitsa ndi chisipika chachikulu kwa munthu wina wongodutsa pamsewu, wosamudziwa dzina, wosamudziwa kwawo.

Mayi m'mawa uliwonse ankasamba, n'kukhala pampando uja.

"Lero zitheka, mwanawe?"

"Mawa, mayi. Ndaitanitsa kachitsulo kena."

Mawa, mawa, mawa. Poyamba TV ankaiona ngati bokosi. Kenaka ngati kuwala chabe. Tsiku lina m'mawa anauza mwana wawo wamkazi, mlongo wake wa Injiniya, kuti atsegule makatani. Makatani anali otsegula kale.

Mlongoyo analira kubafa, atatuluka anaimbira mkazi wa malemu. Foni anaikweza mawu n'kuiika patebulo, Injiniya ali pomwepo akutafuna chingamu.

"Achemwali, tembenuzani makinawo," anatero wamasiyeyo. "Kumbuyoko kwalembedwa chilembo chanji?"

"B."

"Nanga pachikuto cha chimbale?"

"A."

Wamasiyeyo anadabwa.

"Ine ndinatumiza makina a A. Akuda. Ndinalongedza ndi manja angawa. Amenewo ndi otani?"

"Otuwa. Pamwamba pali phula la kandulo."

"A pakasitomu amenewo, ofufuza katundu wolowa m'dziko!" anakuwa Injiniya. "Akuba aja! Ndiwapitira, andidziwa!"

"Achimwene," anatero mlongo wake, "a pakasitomu amayatsa kandulo?"

"Musakangane," anatero mayi motsitsa. "Kuona kwandipita. Mpongozi, tumiza makina ena, ndingomvako kuseka kwake."

Mlongo uja ananyamula chimbale n'kuchiyang'ana pawindo. Mikwingwirima yokhayokha, kuwala kumadutsa. Ngakhale makina ochokera kumwamba sakanachiwerenga. Anawauza mayi. Wamasiye anati afunafuna china, koma kafilimu kaja kanali kakang'ono, zimbale zake anapanga zochepa ndipo m'masitolo zinatha.

Mayi anatambasula manja. "Bwera kuno, iwe."

Injiniya anagwada. Mayi anamupapasa pamphumi, m'masaya, pachibwano. "Munkafanana chibwano ndi mng'ono wako. Ndigwireko pomwepa, poti ndi pomwe patsala."

Chingamu chinagwa pansi.

"Mayi, si a pakasitomu. Makina ndinasintha ndine."

Phunziro: Abale anga, katundu wakutumizani ndi wa mwini wake, mufikitseni mmene alili, ngakhale mwiniyo asaone. Munthu akakuuzani kuti ichi chisasiyane ndi ichi, musafunse kuti anayamwa liti, mverani. Ndipo mukalakwa nenani lero lomwe, chifukwa maso a kholo sadikira manyazi anu. Tumizirani onse a m'banja mwanu, makamaka uja amene makatoni amafikira kwake.