Wopalasa Njinga Mwamuna, Woonda Mkazi

Panali munthu wina dzina lake Kefasi, kalaliki pa esiteti ina ya fodya cha ku Chiosya. Akuti izi zinachitikadi mu 2003. Mkuluyu anali wojintcha, mimba patsogolo mwini pambuyo, moti matenanti ankamutcha Belo akangopotoloka.

Tsiku lina anachita chizungulire n'kugwa ali pantchito. Kuchipatala anamupeza ndi bipi, ndipo sikelo inawerenga makilo 104.

"Bambo, muchotsepo makilo khumi, apo ayi mudzasiya ana akadali aang'ono," anatero nesi. "Chepetsani mafuta, muzipalasa njinga tsiku ndi tsiku. Koma imvani apa: mukapalasa musamakadzipepese ndi chakudya. Zomwe mwawotcha ola lathunthu, mbale imodzi ya tchipisi imabweza zonse n'kuwonjezera. Mudzabwere pakatha miyezi itatu."

Mkazi wake, Stelia, anali pomwepo. Atafika kunyumba anabisa botolo la mafuta ophikira n'kunena kuti, "Bambo a Natasha, simuvutika nokha. Chomwe mudye inu, inenso ndidya chomwecho." Kuyambira tsikulo pakhomopo inali tiyi wopanda shuga, masamba owiritsa ndi kamtanda kamodzi. Stelia ankadya zomwezo chikhalirecho amalima yekha munda wa mtedza.

Kefasi anayamba bwino. Akaweruka ankapalasa mpaka pamsika wina wa m'mbali mwa msewu, n'kubwerera. Tsiku lachinayi anaima kuti apume, tsoka ilo anaima pafupi ndi chiwaya cha munthu wina wotchedwa Lameki. Fungo la nkhumba linamugwira pakhosi.

"Abwana, thukuta lonseli mubwerera chimanjamanja?" anafunsa Lameki.

"Anandiletsa achipatala."

"Aaa, achipatala! Galimoto ikayenda ulendo saithira mafuta? Zomwe mwatulutsa mumsewumu bwezeretsani. Simukuwonjezera kanthu, mukungodzaza pomwe pachoka."

Mawu otere sachedwa kumveka kwa munthu wanjala. Kefasi anadya mbale imodzi ya tchipisi. Mawa lake anadya ziwiri ndi botolo la chakumwa chozizira, poti tsikulo kunali mphepo ndipo anapalasa movutika. Chinakhala chizolowezi. Ankatsuka pakamwa, n'kufika kunyumba akudzandira ngati wafa ndi njala, Stelia n'kumamumvera chisoni.

Miyezi iwiri isanathe, Stelia anatha. Mabulawuzi anayamba kumukhwepa, mafupa a m'khosi poyera. Zaka zimenezo munthu akaonda mwadzidzidzi anthu sankafunsa, ankangogwirana pamkono. Kumjigo amayi ankasiya nkhani iye akafika. Kutchalitchi mayi wina anamulanda khanda lomwe analinyamula. Kenaka zinamveka poyera: a Stelia atenga matenda a masiku ano, komwe awatenga akudziwa okha, poti amuna awo aja ali gwa.

Stelia analira. "Bambo a Natasha, auzeni anthuwa kuti tikusala zakudya tonse."

Kefasi anawauzadi, koma anthu ankayang'ana mimba yake n'kuseka. Wosala zakudya wake uti wonyezimira chonchi? Iye ankadziwa chimene chikanamuyeretsa mkazi wake, koma manyazi anamutseka pakamwa. Ndipo, zomvetsa chisoni, kuchiwaya sanasiye.

Tsiku lobwerera kuchipatala litakwana, anapita ndi mkazi wake komanso mlamu wake Vitus, yemwe anachita kuchokera ku Mavwere atamva za mlongo wakeyo. Stelia anapempha yekha kuti amuyeze magazi. Anamupeza alibe kachilombo, koma anali atataya makilo khumi ndi limodzi. Kefasi atakwera pasikelo, inawerenga 107.

"Mukupalasa njinga?" anafunsa nesi.

"Tsiku lililonse."

"Nanga mukudya chiyani?"

"Zomwe akudya akazi angawa," anayankha maso ali pansi.

Pobwerera, matola anawatsitsa pamsika paja. Kefasi anayesa kudutsa atawerama, koma munthu wa makilo 107 angabisale kuseri kwa chiyani?

"Abwana anga!" anakuwa Lameki. "Lero mwafulumiratu! Ndiike za masiku onse zija? Ziwiri ndi nkhumba ya mafuta? Ndakusungirani!"

Msika wonse unacheuka. Kefasi analakalaka nthaka itang'ambika. Vitus anafuna kumugwira pakhosi Kefasi, koma Stelia anamuletsa.

"Asiyeni, achimwene," anatero motsitsa mawu. Kenaka anayang'ana mwamuna wake. "Makilo amene anakulamulani aja ndataya ndine, pamodzi ndi dzina langa. Inu mwatayapo chiyani?"

Stelia anatsagana ndi mchimwene wake ku Mavwere tsiku lomwelo.

Lamulungu lotsatira mapemphero atatha, Kefasi anaimirira pamaso pa mpingo, thukuta lili kamukamu. Bambo wamkulu, kalaliki wolemekezeka, anaulula kuti kwa miyezi itatu ankadya tchipisi mobisa mkazi wake akugona ndi njala chifukwa cha iye. Ananyamula m'mwamba kapepala kakuchipatala kosonyeza kuti mkazi wake alibe kachilombo. Ena anaseka, ena anagwira pakamwa.

Stelia anabwerera patatha mwezi, ndipo thupi lake linabwereramo. Koma madzi akatayika saoleka. Mpaka lero alipo ena kumeneko amene amati bambo uja anangopeka za tchipisi pofuna kubisa matenda a mkazi wake.

Phunziro: Ngati mukufuna kuchepetsa thupi, musamabweze ndi pakamwa zomwe mwachotsa ndi thukuta, kumeneko ndi kutungira madzi m'dengu. Njala ikakuvutani, kafunseni achipatala, osati wogulitsa tchipisi. Ndipo mukaona munthu waonda, gwirani lilime lanu. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka aja amapalasa njinga koma lamba osasuntha bowo.